Chala Chimene Makina Anakana

Amayi anga anakhalapo munthu wopanda zala dzinja lathunthu, zala zonse zili m'manja mwawo. Kwathu kuno amati ndimathira mchere nkhani, koma iyi, wallahi, ndikuipereka yosathira kanthu.

Ife sitinali alimi. Bambo anali a bwato ndi nkhafi, amayi ankayanika usipa pa thandala. Kenako kunabwera maboti a injini okhala ndi magetsi owala moti usipa wa kutsidya unkabwera kudzaona ngati kuli ukwati. Bwato lathu linayamba kubwerako ndi madzi okhaokha. Tsiku lina bambo anagwira kansomba kamodzi. Anakayang'ana, nako kanawayang'ana, onse awiri anachita manyazi. Bambo atamwalira, bwato linasanduka modyera mbuzi za eni ake, ife n'kutembenukira kumunda wathu wamchenga, kuseri kwa msewu wopita ku boma.

Mchenga umenewo sudziwa chibale. Chimanga chamakono chimene tinabzala chikasowa feteleza chimamera, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kusanduka chikasu. Chaka chimenecho chimangacho chinali chitayamba kale kutero, ndipo m'nkhokwe munali makoswe okha, nawonso akumanga katundu. Thumba limodzi la feteleza wobereketsa ndilo linali pakati pa ife ndi njala.

Mwamwayi bungwe lina linalemba amayi pa anthu okalamba oti alandire thumbalo. Kale munthu unkaviika chala mu inki, n'kudinda, basi. Ulendo uno tinapeza mtsikana wovala chipewa cha bungwe atakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kamakina kofanana ndi sopo wosambira. Ukaikapo chala chachikulu, kakayaka zobiriwira, thumba ndi lako. Amayi anaika chala. Kanayaka zofiira. Anaika china, zofiira. Zonse anazipereka mmodzimmodzi ngati ana opita ku sikelo.

"Agogo, makina sakukuonani," anatero mtsikanayo.

"Auzeni atsegule maso, mwanangu. Ndili pompano."

"Mizere ya m'zala mwanu inafufutika. Mumagwira ntchito yanji?"

Amayi anamuyang'ana. "Ndimaimba gitala," anatero.

Chingwe cha khoka, mchere wa nsomba ndi mpini wa khasu zinali zitasalaza zalazo ngati mwala wochapira. Ndikulumbira, ntchentche inatera pa chala chawo n'kuterereka, ndinaiona ndi maso angawa ikutsimphina. Ndinapempha kuti ndiike changa. Mtsikanayo anati makinawo akudziwa amayi okha. Ndinati nanga si mwangonena kuti sakuwadziwa? Anati achimwene, musandivute, kumbuyoku kuli anthu. Koma sanali woipa mtima. Anatsitsa mawu n'kutiuza kuti mizere imamereranso, bola dzanja lipume: asagwire khasu, asachape, azidzola mafuta, tidzabwerenso pakapita masabata angapo.

Imeneyo inali nthawi yopalira.

Ndiye onani mmene zinthu zinakhalira. Kuti chimanga chipeze feteleza, amayi asagwire khasu. Amayi akapanda kugwira khasu, udzu udya chimanga. Ine ndinalipo, inde, koma chakudya cha tsiku lililonse chinkachokera ku ganyu yokoka khoka la chilimira pa boti la injini, lomwelo limene linapha bwato la bambo. Ndinkafika kumunda dzuwa litakwera, mikono ngati ya munthu wina, ndipo kupalira kwanga n'kwa msodzi: ndimapalasa.

Amayi ankakhala pa chulu m'mbali mwa munda, dzanja lamanja lokulungidwa m'kansalu, atalikhazika pa bondo ngati mkwatibwi. Ngakhale tasibihi, mikanda yawo yopempherera, ankaiwerenga ndi dzanja lamanzere, n'kumasokoneza. Pakamwa pokha ndi pomwe sipanapume.

"Iwe, chimenecho ndi chimanga! Udzu ndi uwo wakusekawo!"

"Ndaona, amayi."

"Waona chiyani? Bambo ako anandisiyira mwana kapena nkhafi?"

Tsiku lina analephera kupirira. Anatenga khasu n'kuyamba kupalira chala chachikulu atachiimika m'mwamba kuti chisakhudze mpini. Akabaza awiri anaima pamsewu poganiza kuti akuwaimitsa. Wachitatu anachita kulowa m'munda ndi njinga n'kufunsa kuti tikupita kuti. Amayi anati, "Kumanda, bambo. Ndi zingati?" Wakabazayo anaseka, ine ndinaseka. Koma madzulo ake ndinawapeza amayi atayandikitsa chala m'diso, akufunafuna mizere monga momwe tinkafunira mitambo mu Novembala.

Udzu unakula. Sindikokomeza: mbuzi inalowamo Lolemba, inatuluka Lachinayi ili ndi ana. Chimanga chinali m'kati mwakemo, chowonda, masamba achikasu, chikudikira nafe limodzi.

Tinabwerera ku mtengo wa mango. Tsiku limenelo kunalibe netiweki. Mtsikana uja anakwera pa mpando, kenako pa ngolo ya munthu wina, atakweza kamakina kumwamba ngati akupereka nsembe, anthu tonse maso kumwamba. Mkulu wina wachisilamu ndi mayi wina wa mvano anayamba kupemphera aliyense mwa njira yake, ndipo palibe anatsutsa mnzake. Netiweki sinabwere. Tinapitanso, tinapitanso, amayi akuyenda dzanja lili m'mwamba kuopa thukuta.

Tsiku limene inabwera, amayi anamasula kansalu pang'onopang'ono. Chala chinatuluka chonenepa, chofewa, chonyezimira, cha munthu wa mu ofesi. Anati bisimilahi, n'kuchiika. Kamakina kanaganiza. Kanaganizabe. Kenako kanayaka zobiriwira.

"Agogo, mwapezeka!"

"Alihamudulilahi. Ndinali kuti?"

Thumba ndinalisenza ndekha, osaima panjira, molunjika kumunda. Titapatula udzu tinapeza chimanga chamasula kale ngayaye chili chofika m'mawondo. Chimanga chikafika pamenepo chatsiriza maganizo ake. Ungachithire feteleza, ungachiwerengere duwa, pemphero lachisilamu, chimabereka chimene chaganiza. Amayi anasenda kachisononkho kamodzi. Kanali kakang'ono kuposa chala chawo chija. Anaziika pamodzi, chala ndi chimanga, n'kuziyang'ana.

"Chaka chino talima chala," anatero.

Thumbalo sitinalitsegule. Linakhala pakona m'nyumba miyezi yonse ya njala, ife tikudya gaga ndi mango owiritsa osapsa, ilo lili phee, lonenepa ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Anthu anabwera kudzalifuna, amayi anakana. Anati tithira chaka chamawa nthawi yake, ndipo thumba lachiwiri adzalitenga ndi chala chomwecho.

Mpaka lero amayi amalima ndi dzanja lamanzere, mizere yawo ikupita mokhotakhota ngati njira ya woledzera. Chala chakumanja chimakhala m'kansalu, chimadzola mafuta m'mawa uliwonse, sichigwira khasu, sichisenda nsomba. M'banja mwathu ndi chokhacho chimene chili pa ntchito yolembedwa, ndipo wallahi, ndi chokhacho chimene sichinaonde.