Rozina ndi Kazako wa Sipayo

Lolemba lapitali ndinafika kwathu patatha miyezi inayi, ndipo mwana wanga atandiona anathawa.

Musaseke. Kusekedwa ndi ntchito yanga, ndinakuzolowera, koma pa ichi chokha ndapota nanu.

Inu amene mumapatsirana katsamba aka sabata ndi sabata mukudziwa kuti ndili m'gulu la masewero loyenda m'midzi ya kutchire kuno ku Chifunde, kumene tinathawira pokana kuunjikidwa m'mipanda ya Apwitikizi. Tilipo asanu ndi awiri. Timayenda pansi, lero kuno mawa uko, kusewera pansi pa mitengo yowirira kuti ndege zisatione. Sewero la chaka chino ndi la thonje ndi chibalo, ndipo gawo langa ndi la sipayo, wapolisi wachikuda uja amene shefi wa posito, bwana wa Chipwitikizi wa dera lino, amamutuma kukagwira abale ake omwe. Ndimavala kazako, jekete la kaki lija la asipayo, ndi chisoti chofiira, mbalamatodya ili m'manja yomenyera zikhatho. Kazakoyo si wongosoka ayi, ndi weniweni. Anatipatsa ndi sipayo wina amene inamukola ntchitoyo n'kuthawira kwathu kuno.

Gawoli ndimalitha, sindibisa. Kumudzi wina cha ku Mualadzi mayi wina anandigenda ndi chitsononkho pamphumi penipeni, sewero lili mkati. Litatha anabwera ndi mbatata zootcha, ati pepani bambo, ndinaiwala kuti ndi zocheza.

Tsono Lolembalo a Zakariya, amene amatsogolera gulu lathu, anatimasula masiku anayi kuti aliyense akaone kwawo. Mukuchidziwa chisanu cha nyengo yokolola ino. Malaya anga anathera m'minga kalekale, angotsala dzina. Ndiye ndinatani? Ndinavala kazako uja. Chisoti ndinangochitsomeka kumutu poti manja onse anali ndi katundu, uku nzimbe, uku kathumba ka mchere kamene ndinakasunga mwezi wathunthu kuti ndikasangalatse nako mkazi wanga Naphiri. Mumtima ndinkati ndikafika ngati munthu.

Dzuwa linali litangokwera pamene ndinatulukira pakhomo. Rozina, mwana wanga mmodzi yekhayo, wa zaka zinayi, anali pakhonde akuumba timiphika tadothi. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Sanakuwe. Sanalire. Anangoika kamphika kake pansi bwinobwino, n'kuliyatsa liwiro la kukhwawa.

Ine m'kupusa kwanga ndinaseka. Ndinati, "Iwe Rozina, ndine ababa ako!" Kenako ndinadziyang'ana pachifuwa, n'kuona mabatani a kazako uja akunyezimira.

Amene muli ndi ana kuno mukulidziwa lamulo lake. Mwana akaona kaki athawire kukhwawa, alowe kuphanga, akhale chete. Wina akaitana dzina lake asayankhe, chifukwa asipayo ndi anthu akonkuno, mayina a ana athu amawadziwa. Ayankhe pokhapokha akamva dzina lina lachinsinsi limene anapangana ndi amake. Lamuloli ifenso timaliphunzitsa m'masewero athu omwewa, ndipo anthu amaombera m'manja. Koma dzina lachinsinsi la mwana wanga ine sindinkalidziwa. Anapangana ndili kuulendo.

Ndinavula kazako, ndinataya chisoti, ndinatsikira kukhwawa chifuwa chili pamtunda. Ndinaitana. Ndinanyengerera ndi nzimbe. Ndinagwada n'kusuzumira m'mizu ya mitengo, m'mapanga, m'mabango. Mawu anga awa, amene amamveka mpaka kumapeto kwa khamu popanda kukuwa, anasasa ndikuitana kamwana kamene kanali pafupi pomwepo kakundimva. Ndipo m'mene ndinkaitanira kwambiri ndi m'menenso kankatsimikizira kuti ndine munthu uja amene amake anakauza kuti kazimuthawa.

Naphiri anafika dzuwa lili paliwombo, dengu la chimanga lili pamutu. Anali kumunda wakutali, akututa yekha kupititsa kunkhokwe yobisika. Anaona kazako ali pansi pabwalo, anaona ine, ndipo anazindikira zonse ndisanatsegule pakamwa. Moni sanandipatse. Anatula dengu, anandiuza kuti ndibwerere m'mbuyo mpaka pamene sindingamve, n'kutsika yekha.

Anatuluka naye atamubereka kumsana. Miyendo ya mwana inali yotupa ndi nyerere zimene zinamuluma m'phanga muja kuyambira m'mawa. Nthawi yonseyo sanalire ngakhale pang'ono, monga anamuphunzitsira. Anayamba kulira atafika pamsana pa amake.

"Abambo a Rozina," anatero Naphiri, "mwabwera kudzationa kapena kudzatipha ndi mantha? Nzeru munazisiya kusewero?"

Ndinati kunali chisanu.

"Chisanu! Ife kuno sichitigwira?"

Ndinatulutsa kathumba kaja n'kumupatsa. Mchere uja anaulandira osauyang'ana n'komwe.

Abale anga, ndatopa. Si miyendo yokha, ngakhale nayonso yatha. Ndatopa ndi kukhala mlendo pakhomo panga. Ndinachoka chimanga chisanamasule, ndabwera chili m'nkhokwe, ndipo palibe phesi limodzi limene dzanja langa linakhudza. Ndine mkamwini pamudzi uja, koma khasu langa lachita dzimbiri patsindwi. Apongozi salankhula kanthu, ndi anthu aulemu, koma ndimamva m'mene amatsokomolera ndikamadutsa.

Masiku atatu otsatirawo ndinayesa zonse. Kazako ndinakamupachika mumtengo kutali, kuseri kwa chulu. Ndinalira ngati mbuzi, ndinayenda ngati bakha, ndinadzigwetsa pansi dala monga ndimachitira pamene anthu amaseka mpaka kugwira nthiti. Rozina ankangondiyang'ana ali kuseri kwa nsalu ya amake. Nzimbe ndikamupatsa ine, ayi. Ndikapereka kwa amake, amake n'kumupatsa, apo ankalandira.

Lachitatu ndinapempha Naphiri kuti andiuze dzina lija, kuti zoterezi zisadzachitikenso. Osasiya kutonola chimanga, anati, "Musandikwiyire. Inu mumayenda m'njira zambiri. Tsiku lina akadzakugwirani, mbalamatodya yeniyeni ikadzakulowani m'manja, mudzanena zonse zimene mukudziwa. Chimene simuchidziwa simungachinene."

Zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe. Koma ndikanakhala ine mayi, ndikanayankha chimodzimodzi.

Tsono ndikufunseni inu anzanga a ntchito zoyendayenda, poti sindili ndekha. Inu aphunzitsi a pansi pa mitengo, inu onyamula katundu wa anyamata athu ankhondo, inu oyenda ndi thumba la mankhwala, inu akatekisi amene mumabatiza ana a eni m'midzi isanu: ana anu amakudziwani? Mukafika pakhomo amakuthamangirani, kapena amayamba afunsa amawo kuti awa ndani?

Tili ndi chizolowezi choipa ife. Tikasonkhana timatamandana ndi kutalika kwa ulendo. Uyu akuti miyezi itatu sindinapondeko kwathu, winayo akuti ine isanu, ndipo wa isanuyo timamuyang'ana ngati ndiye mwamuna. Palibe amafunsa kuti nanga miyezi isanuyo madzi ankatunga ndani, nkhokwe anamanga ndani, ndege itabwera ananyamula ana ndani. Sewero likatha anthu amatiimbira nthungululu, amatiphera nkhuku imene eni ake sanadye chaka chonse. Naphiri amene watuta munda wonse pamutu pake, ndani anamuimbirapo nthungululu?

Mwina wina akuti, nanga bwanji osangosiya? Ndinaganiza zomwezo. A Zakariya atabwera Lachinayi m'mawa kudzandikumbutsa za ulendo, ndinawatengera pambali n'kuwauza zonse. Ndinati, "Akulu, gawo la sipayo mupatse wina. Ine ndikhaleko mwezi umodzi, mwana andizolowere."

Anandimvera chisoni, sindingawanamizire. Iwonso ali ndi ana atatu kutsidya kwa malire, ndipo wamng'onoyo sanamuonepo. Koma anati, "Tipatse ndani? Anyamata enawa akavala kazako anthu amangoseka. Iwe ukavala amakumbukira. Waiwala za mkulu uja?"

Sindinaiwale. Mwezi watha, sewero litatha, mkulu wina amene anthu ankati salankhula anaimirira n'kuyamba kufotokoza m'mene asipayo anamutengera mng'ono wake ku chibalo, zaka zambiri zapitazo, iye akuyang'ana osachita kanthu. Anali asanauzepo munthu, ngakhale mkazi wake. Analira, mudzi wonse unalira naye, ndipo m'mawa mwake mabanja amene ankafuna kukadzipereka kumpanda anamasula akatundu awo. Zoterezo sizichitika ndi msonkhano wa mawu okhaokha. Ndikudziwa kuti ntchitoyi si yachabe, ndipo n'chifukwa chake ikundilemera. Ikanakhala yachabe bwenzi nditaitaya kale osayang'ana m'mbuyo.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Zoona. Koma sananene kuti munthu achite chiyani pamene mapanga onse awiri ndi ake, ndipo m'phanga lililonse muli anthu amene akumudikira. Timauzana kuti tipirire, nkhondo ikadzatha tidzakhala ndi ana athu mpaka kutopa nawo. Idzatha liti? Pamene inafika kuno Rozina anali asanabadwe. Lero akuumba miphika. Mwana sadikira kuti nkhondo ithe kuti akule, ndipo chimene waphunzira pa zaka zinayi sudzachichotsa ndi nzimbe.

Sindikupempha zazikulu. Ndikupempha inu amene mumakonza maulendo athu kuti pokonzapo muziwerengerako ndi makomo athu. Ngati njira yochokera kumudzi wina kupita kwina ikudutsa pafupi ndi kwa mmodzi wa ife, kodi tsiku limodzi lingagwetse nkhondo? Ndipo inu anzanga amene mumabwerera kwanu mwa apo ndi apo, dziyang'aneni musanatulukire pabwalo. Onani chimene mwavala, chimene mwanyamula, nkhope imene mwabwera nayo. Ine ndinaphunzitsa midzi yambiri kuopa kaki, n'kulowa naye m'nyumba mwanga.

A Zakariya ndinawauza kuti ndabvomera, tinyamuka Lachisanu.

Madzulo a Lachinayilo, dzuwa lisanalowe, ndinakhala pamtondo wogwetsa ndikusoka nsapato yanga. Naphiri ankapeta chapafupi. Rozina anali atakakamira nsalu ya amake monga masiku onse aja, akundiba ndi diso. Kenako anakoka nsaluyo, n'kufunsa monong'ona, koma ndinamva bwinobwino.

"Amayi, sipayo uja achoka liti?"

Lichero linaima. Naphiri anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti nayenso misozi ili pafupi. Anatsegula pakamwa kuti amukonze, koma ndinamuletsa ndi dzanja. Masiku anayi onse takhala tikumuuza kuti awa ndi ababa ako, ndipo mwana anali atasankha kale chimene akukhulupirira.

Ndinayankha ndine. Ndinati, "Mawa, mwananga. Achoka mawa m'mamawa."

Anandiyang'ana kanthawi, ngati akufuna kuona ngati ndikunama. Ndiyeno anasiya nsalu ya amake, anapita pakhonde, anatola timiphika take tija n'kuyamba kusewera, akuimba.