Zishango Zonyezimira za a Khomakhoma

Inu amene mukuti ntchito ya manja anu yatha fasho, tamverani za bambo wina amene anthu ankangomutcha kuti a Khomakhoma.

Kwa zaka makumi awiri bambowa ankakhoma zidebe za malata m'kashedi kawo kuseri kwa msika. Kenako kunabwera zidebe za pulasitiki, zopepuka, zamitundumitundu. Makasitomala anatha psiti. Shedi inangoti zii, hamala ikuchita dzimbiri. Wometa tsitsi wina anabwera kudzapempha malowo, ndipo a Khomakhoma anati ayankha pakutha pa mwezi. Mumtima anali atavomera kale kuisiya ntchitoyo, ndipo zinkawapweteka koopsa.

Sabata yomweyo kunafika mayi wina wokonza mafilimu. Ananyamula buku lalikulu, lija nkhani yake imayenda ndi zithunzi zojambula pamanja. Inali nkhani ya nkhondo yamakedzana, ya mikondo ndi malupanga, ndipo mayiyo ankafuna kuisandutsa filimu.

"Tikufuna zishango makumi atatu ngati za m'bukumu," anatero. "Yambani mwakhoma zisanu tione."

Eee, a Khomakhoma anagwira ntchito ngati akwatira mawa! Anadula, anakhoma, anawongola, napukuta mpaka munthu n'kumadziona nkhope.

Mayi uja atabwera anazitembenuza uku ndi uku. "Zokongola, bambo, koma sinditenga. Asilikali a m'bukuli amenya nkhondo zaka zisanu ndi ziwiri. Izi zikuoneka ngati mathileyi a pa ukwati."

Anawasiyira bukulo ndi masiku khumi oti ayesenso.

Kunyumba, a Khomakhoma anafika atatupa. "Ine moyo wanga wonse ndimawongola zopindika. Lero ndiziwononga dala? Anthu adzati chiyani?"

Akazi awo anaseka chikhakhali. "Anthu ake ati, bambo? Omwe akugula pulasitikiwo? Bukulo munaliwerenga kodi, kapena munangoyeza kukula kwa chishango?"

Kunena zoona, anali atangoyeza.

M'mawa mwake anakhala pachitini m'shedimo n'kuyamba tsamba loyamba. Apo m'pamene anaona kuti wojambula uja sankangokhwatcha. Chishango cha mkulu wa asilikali chinatemedwa ndi lupanga patsamba lachisanu ndi chinayi, ndipo chipseracho chinakhala pomwepo mpaka kumapeto kwa buku. Chipsera chilichonse chinali ndi nkhondo yake.

Anayamba ndi hamala. Chishango chinatuluka ngati chapondedwa ndi lole. Anayesanso, chimodzimodzi. Malata anayi anapita padzala, masiku nawo akuthamanga.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri anazindikira vuto: hamala imamenya ngati mmisiri, osati ngati mdani. Anamangirira chishango pamtengo, natenga chikwanje chobuntha ndi chitsulo chosongoka.

Akazi awo, amene anabwera ndi chakudya chamasana, anatula basiketi pansi. "Tandipatsani kuno."

Anatema kamodzi, khaa! Chipsera chinatuluka ndendende cha patsamba lija.

"Mayi, mphamvu zonsezi mumasungira ndani?" anafunsa a Khomakhoma, akusunthira kumbuyo.

Tsiku lakhumi, wokonza mafilimu anatsegula buku pambali pa chishango. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana lata, nayendetsa chala m'chipseramo.

"Makumi atatu aja aiwaleni," anatero. "Ndikufuna zana. Ndi zisoti zomwe."

Wometa uja anakapeza malo kwina.

Patatha chaka filimu inatuluka, ndipo a Khomakhoma ndi akazi awo anaitanidwa kukaonera m'holo yaikulu. Anthu ankakuwa nkhondo itafika pachimake. Mkulu wa asilikali atagwa, akazi a Khomakhoma anayamba kupukuta misozi ndi mpango. Koma a Khomakhoma nkhani sankaitsata n'komwe. Maso awo anali pa zishango, akuzizindikira chimodzichimodzi.

Anawakodola akazi awo. "Lekani kulira, mayi. Munthuyo wafa, koma taonani, chishango sichinabooke!"

Lero ukadutsa kuseri kwa msika uja, suthanso kumva mnzako akulankhula chifukwa cha phokoso la hamala. Amasewero ndi amafilimu amachita kudikirana pakhomo. A Khomakhoma sanalemere kwenikweni, koma amadzuka akudziwa kolowera, ndipo amaimba mluzu akukhoma.

Ndiye inu, akakubwezerani ntchito yanu, musathamangire kutseka chitseko. Khalani pansi, muonetsetse chimene munthuyo akufuna, muyesenso. Manja anuwo akadali ndi ntchito, mtima usagwe.