Ndalama za mbatatesi mu akaunti ya achimwene

Kwathu ku Bembeke, mkazi akakhala ndi kanthu kobisa amakasungitsa kwa mlongo wake. Mwamuna ndi mkamwini, wobwera. Mwini mbumba ndi malume a ana. Choncho ine ndikagulitsa mbatatesi, ndalama zina ndinkapita nazo ku banki pa boma n'kukaponya mu akaunti ya achimwene anga, amene ankagwira ntchito ya boma ku Lilongwe. Zinali za fizi ya mwana wanga wamkazi. Amuna anga sindinkawauza. Kumunda ndi munthu wolimbikira, koma masiku amenewo akaona kachasu sankapitirira.

Sindinali ndekha. Achemwali anga, azakhali, asuweni, tonse tinkathira momwemo, aliyense mwakachetechete, akudziyesa wochenjera yekha.

Chaka chimene mwanayo anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ndinaimbira achimwene kuti atumize fizi. Iwo anati, "Mlongo wanga, akaunti aitseka. Khoti lalamula." Ofufuza za katangale anali atayamba kale kuiyang'anira. Anaona nyumba imene achimwene anamanga m'tauni, yosagwirizana ndi malipiro awo, anaonanso ndalama zikungolowa kuchokera kwa anthu osiyanasiyana. Anthu osiyanasiyanawo tinali ife! Ndinapsa mtima koopsa. Ndinawalalatira ngati mwana, munthu amene anandiphunzitsa sukulu. Za nyumbayo mpaka lero sindikudziwa, ndipo sindiwaikira kumbuyo. Koma tsiku limenelo ankayankhula ngati munthu wothedwa nzeru, ndipo nditadula foni ndinawamvera chisoni.

Loya wawo anati zanga zikhoza kutuluka ndikakalumbira kuti ndi zanga n'kusonyeza kumene zinachokera. Anafunsa malisiti. Ndinaseka chifukwa cha ukali. Pamsika wa pa Chimbiya ndani analemberapo lisiti ndowa ya mbatatesi? Ndiye anati pafunika mboni yodziwa zokolola zanga. Mboni yake inalipo imodzi yokha, yomweyo ndinkagona nayo nyumba imodzi n'kumaibisira.

Ndinazengereza mpaka anzake a mwana anayamba kugula masutikesi. Iye sankafunsa kanthu, ankangondiyang'ana, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa akanafunsa. Tsiku lina tikupalira kudimba ndinawaululira amuna anga zonse, maso ali pansi, ndikudikira kuti khasu liponyedwe uko.

Iwo anapitiriza kupalira. Kenaka anafunsa, "Mayi a mwana, matumba a mbatatesi aja ankafika bwanji pamsewu?"

"Pa njinga yanu."

"Nanga wonyamula sadziwa kulemera kwa katundu wake? Ndinkaona kuti zobwera pakhomo n'zochepa. Ndinkangoti zili bwino, zikhale kutali ndi ine."

Manyazi anandigwira, ndipo ndinalira pomwepo, pakati pa mizere.

Ku khoti amuna anga anavala jekete lawo la ku tchalitchi. Anafotokoza munda ndi munda, chaka chimene chiwawu chinatentha mbatatesi ndi chaka chimene tinakolola mpaka kusowa poika. Achimwene anali pomwepo, atawonda, osadzutsa mutu. Kenaka woweruza anafunsa amuna anga chifukwa chimene mkazi wawo ankasungira ndalama kwa mlongo wake, mwamuna ali moyo. Ndinalakalaka nditalowa pansi. Iwo anaima chilili, anthu onse akumva, alamu awo akumva.

"Bwana, ine ndimamwa. Zikanakhala m'nyumba, mwanayu bwenzi atathera kumunda."

Ndalama za achimwene zikadali zotsekedwa, mlandu wawo sunathe, ndipo masiku ano ndife amene timawatumizira ufa. Zanga zinatuluka sukulu itatsegulira kale. Ndinafuna kuitana wa kabaza kuti atenge sutikesi ya mwana, koma bambo ake anakana. Anaimangirira okha pa njinga yomwe ija, n'kuikankha mpaka pamsewu.