Chijasi cha kuseri kwa chitseko

Amuna anga anakhala ku London zaka zambiri opanda chijasi. Sikuti tinali osowa mpaka pamenepo ayi. Ankakana dala, ndipo kukana kwawoko kunali ndi vesi lake.

Iwo anatsogola kubwera kuno kudzawonjezera maphunziro a uphunzitsi, akuti chaka chimodzi chokha. Chakacho chisanathe, anzawo amene ankaphunzitsa nawo ku Zomba anayamba kutengedwa ndi apolisi mmodzimmodzi, ndipo wina anawatsina khutu kuti asayerekeze kubwerera. Ine ndinawalondola pakati pa zaka za m'ma 1970, podzera ku Zambia, ndili ndi mwana wathu wamkazi kumbuyo, mmodzi yekhayo amene Mulungu anatipatsa. Tinapeza tizipinda tiwiri ku Woolwich, pamwamba pa shopu yokonza nsapato. Amuna anga, aphunzitsi athunthu, anayamba kutsuka mabasi ku depoti, ine ndinalowa ntchito yochapa nsalu za pachipatala.

Chimene ankavala chinali jekete lotuwa, lopepuka, losokedwa ndi telala wa pakhonde la sitolo. Analivala tsiku limene mayi awo anawaperekeza kukakwera basi. Apongozi angawo anagwira mkono wa jeketelo n'kunena kuti mwana wawo adzabwere atavala lomwelo, kuti adzamuzindikire akadali patali, poti maso anali atayamba kuchita nkhungu. Zinali nthabwala chabe za munthu wachikulire, koma amuna anga anazisunga ngati lamulo.

Chisanu cha kuno sichidziwa nthabwala. Chikafika, ankavala majuzi awiri mkati, nthawi zina n'kuyalanso nyuzipepala pachifuwa, kenako jekete lija pamwamba. Akamatsika masitepe ndinkamva nyuzipepala ikuchita phwaphwalaphwa, mtima wanga n'kumawira. Ine ndi mwana anatigulira zijasi chaka choyamba chomwe, ankati akazi ndi ana alibe mlandu. Koma iwo ayi. Kugula chijasi kunali kuvomera kuti takhazikika, ndipo munthu wokhazikika Mulungu amutulutsiranji? Ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ine ndinkawayankha kuti mame a kuno sakamuka, amauma gwaa n'kumagwetsa anthu panjira.

Lamlungu m'mawa tinkapita kutchalitchi cha azungu, komwe ankatimwetulira bwinobwino koma palibe ankadziwa kumene tinkakhala. Amalawi anzathu analipo mumzinda muno, koma masiku amenewo tinkaopana. Sunkadziwa kuti amene wamupatsa moniyo akanena kuti chiyani, ndiponso kwa ndani, pomwe abale ako ali kumudzi. Ukamva Chichewa m'basi unkatembenukira kuwindo, khutu lili tcheru, pakamwa utatseka. Ndinkatsika m'basimo ndili ndi njala ya mawu, ndipo masiku ena ndinkapitirira dala siteji yanga kuti ndimvereko pang'ono.

Ndiye Lamlungu masana tinkapemphera tokha atatu m'Chichewa, pafupi ndi hita ya palafini. Nkhani inali imodzimodzi chaka ndi chaka: Aisraeli m'chipululu. Amuna anga ankaifotokoza ngati analipo. Anthu aja kulira madzi, kulira nyama, kukumbukira anyezi ndi nkhaka za ku Iguputo, kunyoza mana oti angotola osalima. Ndiye pankabwera njoka, miliri, nthaka kung'ambika n'kumeza oukira ndi mahema awo omwe. Akafika poti ong'ung'udza onse anathera mumchenga osaliona dziko, ankavula magalasi n'kundiyang'ana ine. Pomaliza ankatikumbutsa kuti zaka zonse zija zovala za Aisraeli sizinathe, n'kusisita jekete lawo, lomwe ine ndi singano yanga tinkadziwa bwino chifukwa chake silinkatha.

Mwisraeli wa m'nyumbamo ndinali ine, ndipo sindinkakana. Ndinkang'ung'udza za mdima wa madzulo ofulumira, za manja osweka ndi sopo, za nkhuku zosakoma, za mwana amene ndinkamulankhula Chichewa iye n'kumandiyankha Chingerezi. Ndinkawauza kuti chipululu cha Aisraeliwo chinali chotentha, akanakhala kuno akanaukira sabata yoyamba. Tsiku lina ndinawafunsa kuti popeza kumene tinathawa ndi komwenso tikukulirira, kwathuko ndi Iguputo kapena Kenani? Iwo anati mafunso otere ndi amene anaitana njoka. Tinkakangana choncho, koma kunena zoona kukanganako ndiko kunali kucheza kwathu. Panalibenso wina woti n'kukangana naye m'chinenero changa.

Chimene chinandifikitsa pamapeto chinali ulendo wa ku Croydon, kumaofesi a za anthu olowa m'dziko, kumene tinkapita kukawonjezetsa masiku okhalira. Mzere unkayambira panja, mphepo ikuwomba pakati pa nyumba zitalizitali. Tsiku limenelo amuna anga ananjenjemera mpaka mano kugundana, milomo n'kuchita phulusa. Mwana wathu, amene apa n'kuti ali kupulayimale, anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Daddy, you're shaking." Iwo anamuuza kuti akuvina. Mayi wina wachimwenye amene anali patsogolo pathu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ine ndi chijasi changa, ndipo ndinachita manyazi ngati ndine ndinawalanda.

Loweruka lotsatira ndinapita kumsika wa Woolwich n'kugula chijasi chakuda, cholemera, chofika m'mawondo. Ndinachiyala pabedi n'kudikira. Atalowa anachiyang'ana osachikhudza.

"Mayi," anatero, "mwatiumbira mwanawang'ombe wagolide."

Ndinawauza kuti ngati ndi fano ndiye ndi fano lofunda, ndipo sindikachibweza. Iwo anati sachivala. Ndinakhoma msomali kuseri kwa chitseko cha panja n'kuchipachika pamenepo, kuti azichiona potuluka paliponse. Ankachiona ndithu, n'kuchikankhira pambali pofuna loko.

Chinakhala pamsomalipo zaka. Nyengo ina yachisanu anadwala chibayo n'kugonekedwa m'chipatala, ine ndinkachoka kochapa n'kukakhala pambali pa bedi lawo ndekhandekha, popanda wobwera ndi phala kapena wondilandira. Ndinachita mantha kwambiri. Ndinawafunsa kuti akafa chifukwa cha makani, ine ndidzalira ndi ndani m'dziko la eni? Anandigwira dzanja n'kunena kuti safa, mayi awo akudikira. Tsiku lotuluka ndinabweretsa chijasi m'chikwama, ndipo chinabwerera kunyumba chili m'chikwama momwemo.

Kuntchito ndinali ndi mnzanga mmodzi, mayi wa ku Chipata. Ameneyo sindinkamuopa chifukwa sanali wakwathu kwenikweni, komanso Chinyanja chake cha m'tauni chinkandiseketsa. Mchimwene wake ankayendetsa lole yodutsa malire, ndipo kamodzikamodzi ankatibweretsera mawu a pakamwa ochokera kumudzi, poti abale ankaopa kulemberana ndi anthu ngati ife.

Lamlungu lina masana, m'zaka za m'ma 1980, mayiyu anagogoda tili pakati pa Aisraeli athu aja. Anali atamanga chitenje pamwamba pa chijasi chake. Ndinamukokera mpando koma anaupitirira n'kukakhala pansi, pakona, atatambalala. Amuna anga anatseka buku pang'onopang'ono. Munthu wakwathu akakana mpando n'kukhala pansi chomwecho, sufunsa kuti kwagwanji, umangofunsa kuti ndi ndani.

"Ni amai banu, atate," anatero. "Banasiya vitenje kudala, mvula ikalibe kuyamba. Ba brother bamvela manje manje."

Ndiye kuti apongozi anga anali ataikidwa miyezi ingapo m'mbuyomo, ife tikuwapempherera kuti maso awo asafe msanga.

Maliro amenewo tinalira anthu anayi. Kwathu akanatulutsa mipando panja kuti anthu akwane m'nyumba, koma kuno panalibe woti akwane. Mwana wathu sankadziwa nyimbo za maliro, ankangondisisita pamsana. Mnzanga uja anayenera kunyamuka kusanade kuti akapeze basi. Amuna anga sanalire mokweza, anangokhala pampando atavala jekete lija, manja ali pamawondo.

Kutacha anadzuka nthawi yawo ya masiku onse. Ine ndinali kukhitchini ndikuwathirira tiyi mufulasiki, ndipo ndinadabwa kuti sindikumva nyuzipepala. Nditasuzumira ndinawaona ataima pachitseko, akukunga mabatani a chijasi. Chinali chitawakulira, chifukwa ndinachigula akadali ndi thupi, ndipo paphewa panali kachitunda ka msomali. Jekete anali atalipinda bwinobwino n'kuliika pampando.

"Munasankha bwino, mayi," anatero. "Chikufunda."

Zaka zonse zija ndinkakonzekera mawu oti ndidzanene tsiku limeneli, mawu akuthwa bwino, koma ndinangowapatsa fulasiki yawo ya tiyi. Ndinaima pawindo n'kuwaona akupita kusiteji atawerama, ofanana ndi mwamuna wina aliyense wa mumsewumo. Ndinafuna kuwathamangira kuti avule. Walira mvula walira matope, ndipo matope anga ndinawaona m'mawa umenewo.

Sanadwalenso chibayo. Anakhala nyengo zachisanu zingapo ali ofunda, mpaka mtima unawatenga zaka za m'ma 1980 zikupita kumapeto, ndipo anagona kumanda a konkuno. Koma kuchokera tsiku la chijasi lija sananenenso kuti chaka chamawa tikupita. Lamlungu masana ankawerenga masalimo afupiafupi, osavula magalasi, osandiyang'ana. Apa m'pamene ndinadziwa kuti ine ndinkang'ung'udza momasuka chifukwa panali wina wokhulupirira m'malo mwanga kuti tidzabwerera. Iwo atasiya, m'nyumbamo munalibenso munthu amene ankapita kwathu, ndipo ndinasungulumwa kuposa nthawi ya m'basi ija.

Ndinayesa kuwaputa. Madzulo ena, titakhala pafupi ndi hita, ndinayamba dala nyimbo yanga yakale. Ndinanyoza mdima, ndinanyoza nkhuku, ndinatchula ngakhale anyezi a ku Iguputo, n'kumaliza ndi mawu amene kale akanawadzutsa pampando, oti ife tidzafera kuno basi. Ndinadikira njoka ndi miliri, ndinadikira kuti anditche Mwisraeli.

Anayang'ana moto wa hita kanthawi, kenako anati, "Mukunena zoona, mayi."