Msomali wa pambaula ndi munda wa mlamu

Lachiwiri lapitali droni yanga inandichititsa manyazi pamaso pa alimi a mpunga ku Wovwe. Inanyamuka bwinobwino, koma itangopitirira mtengo wa mango, chithunzi pasikirini chinathima. Ndikaitsitsa chinkabwerera. Ndikaikwezanso, mdima bii.

Sindinapite kukasewera ayi. Mlamu wanga, a Mwalwanda, ankawanena kuti amatseka ngalande kuti madzi azithera m'munda mwawo, ndipo komiti ya sikimu ya mthirirayo inati Loweruka iwalanda mundawo. Iwo ankalumbira kuti madzi akuthawira m'mabango momwe munthu sangaponde. Ndinawalonjeza kuti tikaona tili kumwamba.

Cholakwa chinali changa. Waya wa kachipangizo kotumiza zithunzi anali atathothoka, ndipo tsiku lomwe ndinkaukonza, magetsi anali atazima. Ndinatenthetsa msomali pambaula n'kuwotcherera nawo. Sekani, ndinazolowera.

Che Adamu, okonza mafoni pa Mlare, anangoyang'ana kamodzi. "Mayi, izi si za kuno. Tayani, muitanitse china ku Tanzania."

Ndinapsa mtima. Kuitanitsa n'kudikira milungu iwiri, munda wa mlamu utapita kale. Komanso n'chifukwa chiyani ife chinthu chikangotsokomola timathamangira kukachikumbira manda? Mawailesi, masola ndi mapampu adzaza kuseri kwa nyumba zathu, ena chifukwa cha waya mmodzi. Timaopa kutsekula, kenako n'kumadandaula kuti kuno kulibe akatswiri.

Ndinabwereka mita ya Che Adamu yoyezera magetsi n'kukhala pabenchi pomwepo. Batire linali lodzaza. Mphamvu inkafika mpaka pakachipangizo kaja. Ndinatsala pang'ono kuvomera kuti mwina kanapsadi, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Nditagwedeza waya ndi kamtengo ka machesi, manambala pamita anagwa. Msomali uja unazizira msanga, mtovu unangokhala pamwamba osagwira, ndiye droni ikamanjenjemera m'mwamba waya ankalekana. Ndinawotchereranso ndi chowotcherera chawo, iwo akupukusa mutu.

Lachisanu droni inakwera, chithunzi osaphethira. Pakati pa mabango ngalande inali itagumuka, madzi akuthamangira kudambo. A komiti anaonera katatu, kenako anayamba kufunsana za makasu. Mlamu anabwera pomwe ndinaima. Anangondigwira dzanja n'kundithokoza m'chiyankhulo chakwawo kuti, "Ndagha, mlamu."

Che Adamu akuti ndinangochita mwayi. Anene zimenezo. Ine ndikanamvera za "tayani" zija, mpunga wa a Mwalwanda chaka chino akanakolola ndani?