Mphaka wa mchira wopindika

Achemwali anga amasoka makatani, ndipo chibadwire sanakhulupirirepo munthu. Kasitomala akanena kuti zenera lake ndi mamita awiri, iwo amanyamula tepi kukayeza okha. Ine mng'ono wawo, mayi wa ana anayi ndithu, ndimasita mushopu yawoyo, koma ndikamaweruka amasuzumira ngati sizasi ikadali pamalo pake. Zimandinyansa, kungoti ndinazolowera.

Amphaka analowa m'moyo wawo chifukwa cha makoswe amene ankatafuna nsalu za eniake. Wina anawauza za malo osungirako ziweto zotayidwa, komwe munthu amangosaina n'kutenga mphaka. Achemwali anati pamenepo pali chinyengo, ndani angakupatse chinthu chabwinobwino chonchi? Anapitabe, anawapanikiza antchito akumeneko ndi mafunso mpaka kuuma kukhosi, n'kubwerako ndi amphaka awiri wamba. Amphakawo anali ogwira makoswe basi, sankawasisita n'komwe.

Wachitatu, amene anakamupeza komweko atapitakonso, ndiye anawazunguza mutu. Thupi loyererapo, nkhope ndi makutu zakuda ngati wasuzumira mumphika wopserera, maso abuluu, mchira wopindika kunsonga. Poyamba anati ndi wodwala, antchito aja akufuna kuwakankhira matenda. Atawauza kuti ndi mtundu wake, umatchedwa Siyamizi, anati dzinalo angolipeka. Koma mphakayo anawayang'ana n'kuyamba kulongolola, chimawu ngati khanda la njala, osalekeza. Achemwali anamuyankha, iye anabwezera. Anapeza wokangana naye, basi kunali kutha kwawo.

Kuchokera pamenepo tinaona zakuda. Aliyense wobwera kudzasoketsa ankayamba wamva kaye kuti Siyamizi si mphaka wamba, amatsatira munthu ngati galu, amadziwa tsiku limene mwini wake wakhumudwa. Anamusokera kakhushoni ka nsalu yabwino kuposa diresi langa la ku ukwati. Akamapalasa makina, iye amagona pamiyendo pawo. Ndinawamvapo akuseka naye, anthu amene maliro a amuna awo atatha sanasekenso zaka zisanu. Khomo ankalitseka nthawi zonse, ati amuba.

Lachiwiri lina masana kunabwera bambo wachikulire, jekete yotuwa, chithunzi m'manja. Anati akufunafuna mphaka amene anasowa pamene ankasamuka nyumba miyezi isanu ndi itatu yapitayo, ndipo wina anamuuza kuti pashopu ya makatani pali wofanana naye. Achemwali anali atamuonera kale pazenera. Mphaka anali atamutsekera kale mukabati ya nsalu kuchipinda chakumbuyo, atandikodola kuti nditseke pakamwa.

Anamufunsa ngati wapolisi. Amakhala kuti? Anamuuza ndani? N'chifukwa chiyani watenga miyezi yonseyi? Nanenso, kunena zoona, ndinkamukayikira: amphaka otere anthu amawasaka kuti akawaswetse. Bamboyo anayankha modekha kuti anali kuchipatala kudwazika akazi ake, amene ankamulera mphakayo, ndipo anamwalira mwezi watha. Achemwali anangoti aliyense akhoza kunena zimenezo. Ndiye bambo uja anawonjeza kuti mchira wake ndi wopindika kunsonga, kumanzere. Pachithunzipo mchira sunkaoneka.



"Anafa," anatero achemwali. "Anagundidwa ndi galimoto. Tinamukwirira."

Ndinadikira kuti mlongolodzi ujayo alire mukabati, bodza liphulike, poti ameneyo sankatha kukhala chete ngakhale mphindi imodzi. Koma tsiku limenelo, kaya n'chiyani, anangoti zii.

Bamboyo sanatsutse, sanapemphe kuona manda. Anakhala pampando wa makasitomala, chithunzi chili pabondo, n'kupukuta maso ndi chikhatho. Kenaka anaimirira, anavula chipewa.

"Zikomo mayi pomusunga, ndiponso pomukwirira. Ndimaopa kuti anafera mumsewu yekhayekha."

Achemwali anakonzekera mkangano, anakonzekera wakuba. Munthu wowakhulupirira sanamukonzekere. Anaima chilili, tepi ili m'khosi, bamboyo akutsika masitepe pang'onopang'ono. Ine manyazi anandigwira mpaka ndinasiya simbi ikupsereza nsalu.

Bamboyo atafika pageti, achemwali analowa kuchipinda chakumbuyo. Ndinamva kabati ikutseguka. Anamukuwira bamboyo kuti taimani kaye. Iye atacheuka n'kuyankha, mphaka anadumpha m'manja mwawo, anadutsa pakati pa miyendo yanga akulira mokweza, mpaka pageti. Sanacheuke ngakhale kamodzi.

Achemwali anabwerera pamakina, anakhala pansi, anayesa kulowetsa ulusi pasingano katatu osatheka.

"Tenga kakhushoni kake uwapatse," anandiuza osandiyang'ana. "Uwauzenso kuti madzi samwa a m'mbale, amamwa a pampopi."