Magazi a Eyiti Koloko ndi Tikiti ya Gergina

Sindinamvetsepo chifukwa chake Gergina Tasheva anagulitsa matikiti pa siteshoni ya Karlovo zaka makumi awiri, iye mwini osakwerako sitima. Anayamba kulakalaka ulendo atauletsedwa.

Nkhope yake itatupa, anthu ankati akudya kwambiri. Madokotala a ku Sofia anapeza kachotupa pansi pa ubongo, kamene kankachititsa thupi kupanga timadzi totchedwa kotizo mopyola muyeso. Anakachotsa kudzera m'mphuno. Pamenepo tiziwalo ta pamwamba pa impso, topanga timadzito, tinagona tulo. Gergina anayamba kudalira mapiritsi olowa m'malo mwa timadzito, ndipo Dokotala Minkova anamuletsa kutalikira chipatala cha ku Karlovo mpaka tiziwaloto titadzuka.

Miyezi itatu iliyonse ankamutenga magazi eyiti koloko m'mawa, asanamwe piritsi. Ulendo wachiwiri zotsatira zinali zabwino modabwitsa.

"Mayi, simunamwedi kanthu?" anafunsa dokotala.

"Khofi yekha."

Mwamuna wake Stoyko anayang'ana nsapato zake. "Ndinasinjiramo piritsi, adokotala. Ankanjenjemera ngati mwanankhuku wonyowa."

"Ndiye ndayeza piritsi, osati mkazi wanu. Ndikadamusiyitsa mankhwala, mukadamuika m'manda."

"Bambo inu," anatero Gergina, "chikwatirane simunandiphikirepo khofi. Koyamba komweka mwafuna kundipha?"

Kuyambira pamenepo, tsiku loyezedwa ankabisa botolo la mapiritsi m'thumba la chikhoti chake kuti Stoyko asalipeze, n'kuyenda wapansi kukafika kuchipatala, akupumira pa mipanda ya anthu. Katatu konse anamuuza kuti tiziwalo sitinadzuke. Iye ankangomwa piritsi pakhomo pa chipatala pomwepo n'kupita kuntchito. Sindimutama, ndikungonena zimene tinaona.

Mwezi wa khumi ndi chisanu ndi chitatu chichotsereni kachotupa kaja, dokotala anamubaya jakisoni wodzutsa tiziwaloto, n'kutenganso magazi patapita ola. Ulendo uno tiziwaloto tinadzuka. Anachepetsa mapiritsi pang'onopang'ono mpaka anatha.

"Pitani kumene mukufuna, mayi," anatero dokotala.

Lolemba lotsatira Gergina anafika pa siteshoni ndi kachikwama. Anadzidindira yekha tikiti, n'kusiyira mnzake makiyi a ofesi.

"Ukupita kuti kodi?" anafunsa Stoyko, akuthamangira m'mbali mwa sitima.

"Ndibwera. Khofi uja muziphunzira kuphika wopanda zosinjira."

Sitimayo imaima pamalo ambiri. Tikiti anaiona yekha, ndiye kumene anatsikira palibe akudziwa.